Dzina la pa Njerwa

Mwaona kuti njerwa iliyonse ndimayamba ndaitembenuza mbali zonse ndisanaisanje pa uvuni, ndipo ndikudziwa kuti mumandiseka kumbali kuti mdala Dzimbiri mutu wayamba kubalalika. Sekani, mano ndi anu. Koma popeza moto wagwira bwino m'makomo onse, ndipo zipika zimenezi zitenga nthawi kuti zinyeke, khalani pansi ndikuuzeni chimene chinandiyambitsa khalidwe limeneli.

Chinali chaka chimene mpingo wathu wa ku Msampha unatopa ndi kupempherera m'chisakasa cha udzu. Abusa ankatiyendera kamodzi pa miyezi itatu, choncho zonse ankayendetsa ndi mkulu wa mpingo, a Kamtengeni, munthu wamtali wa mawu a besi, amene ulaliki wawo unali umodzi chaka chonse: Satana ndi moto wosazima. Moto wa ku gehena ankaufotokoza ngati anakaothako dzulo. Pabalaza pawo anapachika chithunzi cha Satana wa nyanga ndi mchira, atagwira chifoloko, moti tonse tinali ndi chikhulupiriro kuti tsiku lokumana naye tidzamuzindikirira patali n'kuliyatsa liwiro.

Titagwirizana zoumba njerwa za tchalitchi, a Kamtengeni anabwera ndi nzeru imene tonse tinaiombera m'manja. Anati pa tsiku lomaliza kuumba, mkhristu aliyense atenge njerwa imodzi ikadali yaiwisi, alembepo ndi kamtengo tchimo limene limamusautsa, kuti likapsere mu uvuni pano pa dziko, lisadzamupsetse mwini wake kutsogoloko. Analamulanso kuti njerwa zolembedwazo ziumitsidwe chozondotsa ndipo pasapezeke woziwerenga, chifukwa tchimo ndi chinsinsi cha munthu ndi Mulungu wake. Nzeruyo inali yabwino. Chimene anaiwala n'chakuti theka la mpingo silinkadziwa kugwira cholembera, ndipo ine ndinali m'gulu limenelo.

Tsikulo linali Loweruka la mu Ogasiti, kamphepo kakuwomba fumbi. Tinali padambo, ena akuponda dothi, ena akuthamanga ndi zikombole. Dzuwa lili paliwombo, mumsewu wochokera ku Mponela munatulukira munthu atafunda ambulera yakuda, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Anatipatsa moni mwaulemu, n'kufunsa ntchito imene tinkagwira. Atamva, anayamikira kwambiri, nati iyenso ndi munthu wodziwa Malemba, ndipo ngati pali ovutika kulemba angathe kuwathandiza popeza ulendo wake sunali wofulumira. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Tinamuyalira thumba pansi pa mkuyu, n'kuyamba kupita mmodzimmodzi, ngakhale ena odziwa kulemba omwe, aliyense ndi njerwa yake pa kathabwa.

Mukandifunsa nkhope yake, sindikuyankhani. Pambuyo pake titayamba kufunsana, wina anati anali wofiirira wa ndevu, wina anati anali wakuda bii wometa mpala, mayi wina analumbira kuti anafanana ndi malemu malume ake. Chimene tonse tinagwirizana ndi nsapato. Munthu wayenda msewu wafumbi, wadutsa pamatope pamene tinkaponda dothi, koma nsapato zake zinali phuliphuli ngati wangozitulutsa m'bokosi.

Nthawi yanga itakwana ndinagwada pafupi naye, ndipo ndinamva kuzizira kumene kumakhala m'phanga. Ndinamunong'oneza kuti alembe mkwiyo. Sanalembe. Anandifunsa mofatsa ngati mkwiyowo unangomera wokha ngati bowa, kapena pali munthu anaudzala. Ndiye ine ndi mng'ono wanga Yotamu tinali titatha zaka zinayi osapatsana moni chifukwa cha dimba limene mayi anatisiyira, iye atasuntha malire n'kudula nthochi zanga. Mlendoyo anati ukafuna kutha udzu umazula ndi mizu yomwe. Sanatchule dzina la munthu. Dzina la Yotamu ndinatchula ndine, ndipo anali asanamalize kulemba ndinamva mtima wanga kupepuka.

Ndinkayesa kuti ndinali ndekha wochita zimenezi. Aliyense ankachoka pamkuyu paja nkhope ili gwaa, osayang'ana mnzake. Pofika madzulo mlendo anali atapita, ndipo palibe anamuona akunyamuka. Thumba limene anakhalapo agalu ankalilambalala.

Njerwa zinauma, ndipo mu Okutobala ndinasanja uvuni, popeza wodziwa ntchitoyi pamudzi ndinali ine. Unali wa makomo asanu ndi limodzi. Zolembedwa zija ndinaziika pakati monga analamulira a Kamtengeni, koma yanga ndinali nditaidinda chala pakona, ndipo ndinaiika pansi penipeni pa khomo lachitatu, pamene moto umaluma kwambiri. Ndikunena izi kuti mudziwe mtima umene ndinali nawo. Tinamata, tinasonkha moto masiku awiri, utsi unayera, tinatseka makomo ndi dothi. Inu mukudziwa kuti ukatero, pakatha sabata umayika dzanja pa uvuni osamva kanthu.

Sabata inatha, uvuni uli ng'aning'ani kutentha. Ndinati ndi dzuwa la Okutobala. Sabata yachiwiri inatha, ndipo udzu wozungulira unayamba kufiira n'kupsa wokha. Mulu wa nkhuni zotsala sunachepe ndi chipika chimodzi, ndiye kuti panalibe munthu ankasonkhezera mobisa. Nkhuku zinasiya kupala kufupi ndi dambo. Kenaka zinayamba kusowa ndowa: lero ya uyu, mawa ya uje, mpaka amayi anayamba kulozana zala pachitsime. Wakuba wake sankatenga mbale kapena khasu, koma chotungira madzi chokha.

Panalinso phokoso. Ukaima chapafupi masana kuli zii, mkatimo munkamveka ngati anthu ambiri akuyankhulira pansipansi m'nyumba yotseka, ngati pamaliro anthu asanayambe nyimbo. Mawu ake sankamveka. Ndinauza anthu kuti ndi mphepo ikudutsa m'ming'alu, koma ine ndemwe ndinasiya kudzera njira imeneyo.

Matenda anayamba pamenepo. Anthu ankatentha thupi, kumwa madzi osakhuta, n'kumadandaula kuti pakhosi pakununkha utsi. Kuchipatala ankawayeza malungo osawapeza. Yotamu naye ndinamva kuti wagona, ndipo ndinadziuza kuti ndi chimfine cha fumbi. Koma amene anadwala koposa onse anali Chikaiko, mwana mmodzi yekhayo wa a Nangozo.

A Nangozo anali mayi wamasiye, wamfupi, wosayankhulayankhula, amene ankasesa pachisakasa Lamulungu lililonse anthu asanafike. Chikaiko anali bambo wa zaka makumi atatu ndi mphambu, kalipentala waluso akakhala bwinobwino, koma kachasu anamutenga ukapolo. Mpingo unali utamudula kalekale. Mwezi wa Julaye chaka chomwecho, mayi ake atapita kukamutenga kumowa, anawakankha pamaso pa anthu, n'kugwera pamwala, dzino lakutsogolo n'kuguluka. A Kamtengeni anachita ulaliki wathunthu pa nkhani imeneyo, kuti mwana wotere malo ake ku gehena anakonzedwa kale, mayi ake atakhala pamphasa yakutsogolo akumva.

Lachiwiri lina m'mawa ndikusula khasu, a Nangozo anafika pakhomo panga. Anakana mpando. Anandiuza kuti Chikaiko watha masiku asanu osatsegula maso, milomo yang'ambika, ndipo nsalu yonyowa akamuyika pachipumi imauma asanatembenuke. Kenaka anandiyang'ana m'maso.

“A Dzimbiri, ndinamuika ndine mwana uja mu uvuni mwanu. Ndinati alembe Chikaiko, alaweko pang'ono, mwina angamve. Ndabwera kuti mundionetse pamene munasanja njerwa zolembedwa.”

Ndinayesa kuwazemba. Ndinati uvuni wotentha chotero sapasula, munthu angapse manja mpaka mafupa, ndipo njerwa zotentha zikakhudza madzi zimasweka, thukuta la mpingo wonse n'kupita pachabe. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti sanabwere kudzapempha chilolezo, anabwera kudzafunsa malo. Ndinachita manyazi, chifukwa ndinadziwa nthawi yomweyo chimene chikudya Yotamu. Ndinangowauza kuti zili pakati, kuyambira mzere wachisanu ndi chitatu kutsika pansi.

A Kamtengeni atamva anathamangira kudambo, jekete ili paphewa. Anapeza a Nangozo atakulunga manja ndi masaka onyowa, akugumula dothi lomatira ndi khasu. Ndowa yawo inali itasowa ngati za ena onse, choncho madzi ankatungira mumtsuko wadothi, ulendo ndi ulendo kuchokera pachitsime. Akathira, uvuni unkalira tswee, nthunzi n'kukwera. A Kamtengeni anawaopseza kuti awadula mumpingo, anawawerengera mavesi a nyanja ya moto, anati chimene Mulungu waweruza munthu sangachibweze, ndipo ngati Chikaiko akupsa ndiye kuti akukolola zimene anafesa. A Nangozo sanaime. Anangoyankha akutsitsa njerwa kuti pamkuyu paja Mulungu sanatchule dzina la munthu, anatchula ndi iwo, ndipo akafuna kuwadula awadule akamaliza ntchito.

Tsiku loyamba anagwira okha. Anthu tinaima patali pamthunzi ngati tikuonera mpira, ena akuti mayiwa apenga, ena ali chete chifukwa cha zimene ankadziwa m'mitima mwawo. Pofika madzulo anali atatsitsa mzere umodzi wokha, manja ali matuza okhaokha. Anapita kukamwetsa mwana wawo madzi ndi supuni, ndipo m'mawa dzuwa lisanatuluke bwino tinawaona akutsika ndi mtsuko uja pamutu.

Ine usiku umenewo sindinagone. Tsiku lachiwiri ndinanyamula makwerero anga n'kukawaimikira, ndikunamizira kuti ndikufuna kupulumutsako njerwa zina kuti zisasweke. Iwo ali pamwamba ankandipatsira, ine pansi ndikulandira ndi masaka. Phokoso lija linali litakula tsopano, ndipo pena linkaleka mwadzidzidzi ngati anthu amene amva kuti panja pali wina akumvetsera.

Dzuwa litafika paliwombo ndinamva kuzizira kumsana, pamalo pamene munthu ankachita thukuta ngati wagwa m'madzi. Nditacheuka ndinaona ambulera yakuda. Mlendo uja anaima pafupi ndi khomo loyamba, pamene ine sindikanatha kuima ndi mphindi imodzi yomwe, nsapato zili phuliphuli paphulusa. Anthu a pamthunzi aja anandiuza pambuyo pake kuti iwo sanaone munthu, anangoona ife awiri tasiya ntchito tikuyang'ana malo amodzi.

Anapereka moni mwaulemu womwe uja. Anawamvera chisoni a Nangozo chifukwa cha manja awo, nati akudzivutitsa chabe, popeza njerwa ikapsa sibwereranso kukhala dothi, ndipo moto umenewu pang'ono mulibe, ukayamba wayamba. Anati a Kamtengeni amalalikira zoona pa mfundo imeneyo. Kenaka anatsitsa mawu, nati komabe iye si munthu wouma mtima, malo a munthu mmodzi angathe kulowa wina. Anawakumbutsa za mayi wotcheza kachasu kutsidya, amene anamuyambitsa Chikaiko botolo. Anawakumbutsanso za munthu amene anawachititsa manyazi pa ulaliki mwana wawo atawagulula dzino.

“Tchulani dzina limodzi lokha, mayi,” anatero. “Mukafika kunyumba mukapeza mwana wanu atakhala tsonga akupempha phala.”

Ndinawayang'ana a Nangozo, ndipo ndinadziwa kuti dzina lili pa lilime. Ndikanakhala ine, ndikanatchula awiri onse n'kuwonjezera wachitatu wa basela. Njerwa yotentha inali m'manja mwawo, masaka akufuka.

“Pakamwa panga padya kale munthu mmodzi, ndipo ndi amene ndinabereka,” anayankha. “Ngati moto wosatha ulipo, mwini wake ndi Mulungu, ndipo akaweruza yekha. Inu mulibe ndi chikuni chomwe. Munachita kubwereka pakamwa pathu. Patukani, mwaima panjira ya madzi.”

Anaponya njerwa ija pansi, n'kunyamula mtsuko, n'kukhuthula madzi onse pamalo pamene iye anaima. Nthunzi inakwera yambiri moti sindinaone kanthu. Itapungula, panali phulusa lonyowa lokha, popanda ndi phazi lomwe. Koma kumbali kwa khutu langa ndinamva mawu ofatsa akuti, “Nanga inu a Dzimbiri, mng'ono wanu ali bwanji?” A Nangozo anachita kundikalipira kuti ndigwire makwerero.

Masana a tsiku lachitatu tinafika pa njerwa zolembedwa. Apa panabuka vuto: a Nangozo sankadziwa kuwerenga, ine chimodzimodzi. Anatsika, n'kuyenda mpaka pamthunzi pamene panali a Kamtengeni, n'kuwaikira njerwa yoyamba kumapazi. A Kamtengeni anati lamulo ndi lakuti machimo a anthu asawerengedwe. A Nangozo anati ngati ndi tchimo asaliwerenge, koma ngati ndi dzina la munthu alitchule. Akuluwo anawerama monyinyirika, ndipo tinaona nkhope yawo ikusintha. Linali dzina la mayi wina wa m'kwaya, amene anali chigonere kwawo sabata yonse.

Yachiwiri linali dzina. Yachitatu dzina. Panali apongozi, akazi anzawo a pamitala, oyandikana nawo minda, mwana wolanda malo, mlamu wolodza nkhuku. Pa njerwa makumi anayi zoyamba, machimo enieni anapezeka atatu okha, ndipo onse anali olemba okha ana a sukulu. A Kamtengeni ankawerenga ndi mawu a paguwa, akupukusa mutu ndi kudzudzula mbadwo wa njoka, mpaka anafika pa njerwa ina imene sanaiwerenge mokweza. Anaiika pambali. Patapita kanthawi anaikanso ina pambali, kenaka yachitatu. Mphunzitsi wina wopuma ntchito anasuzumira, n'kutiuza kuti zonse zitatu zinalembedwa Kamtengeni. Apo m'pamene tinazindikira chifukwa chake akuluwo masiku amenewo ankayenda ndi botolo la madzi m'thumba la jekete, n'kumapukuta thukuta ngakhale m'mawa.

Anavula jekete, n'kupinda malaya, n'kupempha masaka. Palibe analalikira, palibe anaitana mnzake, koma anthu anayamba kuchoka pamthunzi mmodzimmodzi. Amayi anabwera ndi miphika, mabeseni, zipanda, chilichonse chosunga madzi, n'kupanga mzere kuchokera pachitsime mpaka pa uvuni. Dzina likatchulidwa, wina ankatuluka mumzere mutu uli pansi n'kukatenga njerwa yake. Sindinaonepo anthu akugwira ntchito molimbika chotero ali ndi manyazi otero.

Ya Chikaiko inapezeka dzuwa litapendeka, m'mzere wachiwiri kuchokera pansi. Inali yopsa bwino, yolira ngati chitsulo, zilembo zitalowa mkati ngati mphini. Wina anati aiphwanye ndi hamala, koma a Nangozo anakana, anati dzina la mwana wawo saliphwanya. Anainyamula ikutenthabe mpaka pathanthwe la kumtunda kwa chitsime, pamene amayi amachapira, n'kugwada, n'kuyamba kuipera pamwala akuthira madzi, monga amaperera mawere pamphero. Madzi ofiira ankatsetsereka kulowa m'dambo.

Anapera mpaka mdima, anapitiriza m'mawa. Ena aja ataona anatengera, moti thanthwe lonse linadzaza anthu ogwada, aliyense akupera njerwa yake, phokoso lake kumveka mpaka kumsewu. Manja a a Nangozo anali atasupuka kale, ndipo magazi ankasakanikirana ndi madzi, koma munthu akati awalandire ankamukankha ndi chigongono. Chilembo chomaliza chinafufutika masana a tsiku lachinayi. Anaisisita njerwayo ndi chikhato, n'kuiika patsaya, n'kunena kuti yazizira.

Ndinawaperekeza kunyumba chifukwa ankadzandira. Titalowa tinapeza Chikaiko ali chigonere, maso ali otseka, ndipo mtima wanga unagwa. Mayi ake anagwada n'kumuyika dzanja losupukalo pachipumi. Thukuta linali litamunyowetsa mpaka mphasa. Anatsegula maso pang'onopang'ono, n'kuyang'ana manja aja nthawi yaitali.

“Amayi, ndinali pamalo pena pothithikana, anthu ambiri, mdima wotentha,” anatero ndi mawu osasa. “Ndinkamva wina akukhula khoma kunja osaleka. Ndinadziwa kuti ndinu.”

A Nangozo sanalire. Anamuuza kuti anamuikamo ndi iwo, ndipo amukhululukire. Iye anagwira pakamwa pawo pamene panaguluka dzino, n'kutembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Sindikunamizani kuti anasanduka mngelo. Mowa anausiya n'kuuyambanso kawiri asanausiyiretu. Koma zitseko ndi mawindo a tchalitchi chathu anapala ndi iye, ndipo mayi ake anawasunga mpaka tsiku limene anawaika m'manda. Ndowa zija zinapezeka patapita sabata, zitasanjidwa bwinobwino m'dzenje lokumbamo dothi, zonse zitazondoka.

Mwina mukuti nkhani yathera pabwino. Mwaiwala njerwa yanga.

Tsiku lachitatu lija, titafika pansi pa khomo lachitatu, ndinaiona ndi chidindo cha chala changa pakona. Inali yakuda ndi mwaye. A Kamtengeni anali potero akuwerenga maina, anthu onse akumva, ndipo mkazi wa Yotamu anali pamzere wa madzi, beseni lili pamutu. Ndinaganiza za mmene andiyang'anire. Ine wosanja uvuni, ine amene ndinathandiza a Nangozo anthu onse akuonerera, anthu anali atayamba kale kunditama. Ndinaitembenuza zilembo kuloza pansi, n'kuiponya pamulu wa njerwa zosalembedwa, ndikudziuza kuti ndibwera m'mamawa ndekha kudzaitenga, ndikaipere kuseri kwa nyumba popanda wondiona.

M'mamawa ndinabwera. Ndinatembenuza mulu wonse, njerwa imodziimodzi, kawiri. Sinalipo. Odwala onse anadzuka sabata imeneyo kupatula mmodzi. Ndinapita kwa Yotamu tsiku lachisanu, koyamba m'zaka zinayi, ndipo ndinamupeza sakuzindikiranso munthu. Ndinamugwira dzanja, linali ngati mbaula. Ndinamuuza zonse, ndinamuuza kuti dimba atenge lonse, koma sindikudziwa ngati anamva. Anamwalira Lamulungu m'mawa. Pamaliro a Kamtengeni sanatchule moto ndi kamodzi komwe, anangoti kumene wapita akudziwa ndi Mulungu, ndipo ife tisamathamangire kukhala pampando umene si wathu.

Tchalitchi tinamanga ndi njerwa zotsala pamodzi ndi za uvuni wina. Tsiku lokhoma malata omaliza, ndikubwerera kunyumba masana, ndinakumana ndi ambulera ija pamphambano. Sanaime. Anangondipatsa moni podutsa, n'kunena kuti ndisavutike kufunafuna, katundu wanga anamusungira pabwino, m'khoma la nyumba imene ndimapemphereramo.

Ndinakaulula kwa a Kamtengeni ndi mpingo wonse, mkazi wa Yotamu ali pomwepo. Manyazi amene ndinawathawa tsiku limodzi ndinawasenza onse, koma mochedwa. Mayiyo sanandiyankhule zaka ziwiri, ndipo sindimuimba mlandu. Ndinalowa sukulu ya kwacha ndili ndi imvi, kuti tsiku limene ndidzaipeze ndidzawerenge ndekha, pasadzakhalenso mlendo wondigwirira kamtengo. Mawu oyamba amene ndinaphunzira kulemba sanali dzina langa.

Mpingo unandilola kuti khoma tisalipake pulasitala. Loweruka lililonse ndikakhala kumudzi ndimapita ndi tchizulo ndi ndowa ya matope, ndimachotsa njerwa imodziimodzi, ndimaitembenuza, ndimaibwezera. M'miyezi yozizira amayi okhala kumbuyo amati pena pake khoma limafunda, koma ndikafika pamene aloza ndimapeza pozizira. Ena amati ndisiye, akufa anapita, madzi akatayika saoleka. Abusa atsopano anandiuza kuti Mulungu sasunga munthu pamoto chifukwa cha njerwa, ndipo ndikufuna kuwakhulupirira. Mwina Yotamu ali pabwino, akundiseka monga mumandisekera inu. Koma dzanja limene linamuika pansi pa khomo lachitatu ndi ili, ndipo ndinaona ndi maso anga mayi wamfupi wopanda dzino akutsitsa uvuni woyaka ndi manja ake.

Makoma atatu ndamaliza, zanditengera zaka khumi ndi chimodzi. Latsala la kuseri kwa guwa, ndipo mwala woperera ndinauika kale pansi pa mpando wanga. Tasonkhezerani khomo lachitatulo, moto wayamba kugona.